Phwetekere, Mkulu wa Matimati

Mwa mbeu zonse zimene zimera pafupi ndi nyumba za anthu kuno kwathu, palibe ina yopeputsidwa koposa phwetekere. Ndinena timatimati tija tolingana ndi nsonga ya cala, timene timera tokha pa dzala, kuseri kwa khola ndi m'mbali mwa nkhokwe mvula ikagwa. Alipo anthu amene acha matimati a mtundu uli wonse ndi dzina limeneli, koma m'nkhani ino ndilisungira ang'onoang'ono okha. Palibe munthu amene apita ku sitolo kukagula mbeu yake, ndipo sindinamvepo mlangizi wa zaulimi ataitanitsa msonkhano cifukwa ca iye. Mai akasowa cokometsera ndiwo atuma mwana kuseri kwa nyumba, ndipo mwanayo abwerako ndi phwetekere wodzaza manja. Koma tsiku lofika alendo, mai yemweyo amasula ndalama pa nsalu natuma mwana kumsika, pakuti ayesa camanyazi kuphikira mlendo zotola pa dzala. Ambiri a ife tiganiza kuti kambeu aka ndi matimati a Azungu amene analowa pansi cifukwa cosowa wowasamala. Koma mbiri ikana. Phwetekere ndiye mkulu pa banja lonse, ndipo matimati onenepa a mumsika ndiwo adzukulu ake.

Kwao kwa matimati ndi kutali, kumadzulo kwa South America, kumene mapiri a Andes atsikira ku nyanja ya Pacific m'maiko a Peru ndi Ecuador. Kumeneko kufikira lero kumera comera coyanga ca m'chire, cobala tizipatso tofiira tosaposa njere ya nzama, cimene ophunzira za zomera acicha Solanum pimpinellifolium. Ici ndico kholo. Mwa ico munacokera mtundu wa zipatso zokulirapo pang'ono, ndiye phwetekere wathuyu, amene m'mabuku alembedwa cerasiforme, ndiko kunena kuti wofanana ndi kacipatso ka ku Ulaya kochedwa cherry. M'caka ca 2020 ophunzira a ku University of Massachusetts, atapenda mbeu za mitundu yambiri ya m'chire ndi ya m'minda, analengeza kuti phwetekere anaoneka ku Ecuador zaka ngati 80,000 zapitazo, munthu asanaponde dziko limenelo, ndi kuti matimati olimidwa anayambira cakumpoto, ku dera la Mexico, zaka ngati 7,000 zapitazo. Ziwerengero zotere zizunguza mutu, koma tanthauzo lake ndi lapafupi. Wamng'ono anatsogola, wamkulu anadza pambuyo, ndipo anadza ndi manja a alimi amene caka ndi caka anali kupatula mbeu ya cipatso coposa cinzake. Wofuna umboni atenge mpeni. Akadula phwetekere pakati adzapeza zipinda ziwiri za njere, monga ziri mwa kholo lake la m'chire. Akadula thimati lalikulu lophwathalala adzapeza zipinda zambiri zopanikizana, ngati nyumba imene mwini wake anaonjezera makonde ana atacuruka.

Anthu a mtundu wa Aztec, amene mzinda wao waukulu unali Tenochtitlan, pamene lero pali Mexico City, anali nalo liu lakuti tomatl. Ndi liu limeneli anali kuchula makamaka cipatso cina cobisala m'kathumba ngati jamu wathu, ndipo thimati lenileni anali kulicha xitomatl. Koma makutu a alendo anagwira liu lalifupi lija, nalisandutsa tomate. Liu limeneli ndilo linaoloka nyanja, ndipo pofika m'kamwa mwathu linakhala matimati. Tidziwa zambiri za misika ya anthuwa cifukwa ca wansembe wina wa ku Spain, Bernardino de Sahagún, amene anafika ku Mexico mu 1529, naphunzira cinenero cao, nakhala zaka zambiri alikufunsa akuluakulu ndi kulemba zimene anamuuza. Iye asimba za ogulitsa matimati a mitundu yambiri, akulu ndi ang'ono, ofiira ndi acikasu, ndipo saiwala kudzudzula wogulitsa wonyenga amene asakaniza obvunda ndi abwino. Zioneka kuti msika ndi msika pali ponse. Asimbanso kuti akazi anali kukonza msuzi wa matimati pamodzi ndi tsabola ndi nthanga za maungu zosinja. Mai wa ku Katete kapena ku Petauke, wozolowera kutendera nkhwani ndi nsinjiro, akadalawa msuzi umenewo sakadaufunsa dzina.

Mu 1521 Hernán Cortés ndi ankhondo ake anagonjetsa Tenochtitlan, ndipo zombo zobwerera ku Spain zinanyamula golidi pamodzi ndi mbeu zacilendo. Cikalata coyamba ca ku Ulaya conena za matimati ndi buku la sing'anga wa ku Italy, Pietro Andrea Mattioli, la mu 1544. Iye analemba kuti anthu ena anali kuwakazinga m'mafuta ndi mcere ndi tsabola monga acita ndi mabiringano, ndipo posindikizanso bukulo mu 1554 anawapatsa dzina lakuti pomi d'oro, ndiko kuti zipatso za golidi. Kufikira lero anthu a ku Italy ati pomodoro. Pali kalata inanso imene ife alembi a m'maofesi tiyenera kukondwera nayo. Pa 31 Okutobala 1548 kapitao wa nyumba ya Cosimo de' Medici, wolamulira Florence, analembera mlembi wa mbuye wake kumdziwitsa kuti dengu la matimati lafika bwino kucokera ku munda. Kapitaoyo anayesa kuti alikungocita nchito ya tsiku ndi tsiku, koma wina anasunga kalatayo m'malo mwake, ndipo lero ophunzira aiwerenga ngati cuma.

Ngakhale zinali conco, Azungu anacedwa kwambiri kuika thimati mumphika. Ophunzira ao anazindikira msanga kuti mbeuyi ndi ya banja limodzi ndi zitsamba zina zakupha za kwao, monga mandrake ndi belladonna, ndipo fungo la masamba ake linaonjezera mantha. Tisawaseke. Ifenso tidziwa kuti m'banja lomwelo muli impwa ndi mnadzi zimene tidya, ndiponso muli nthula, imene mwana akaiika m'kamwa mai athamanga. Mlendo akabwera ndi cipatso cofanana ndi nthula nati idyani, ndani angayambe? John Gerard wa ku London, m'buku lake la zitsamba la mu 1597, anabvomereza kuti ku Spain ndi ku Italy anthu adya matimati, komabe iye anawanyoza kuti ndi onunkha ndi opanda cakudya ceniceni, ndipo Angerezi anatsata mau ake nthawi yaitali, nawabzala ngati maluwa okometsera bwalo. Mu 1623 Caspar Bauhin wa ku Basel, polemba mndandanda wa zomera zonse zodziwika masiku amenewo, anachula padera mtundu wa zipatso zazing'ono zonga cherry. Apa ndipo phwetekere analowa m'buku ndi nkhope yakeyake. Koma buku lophunzitsa kuphika matimati linadikira kufikira 1692, pamene Antonio Latini wa ku Naples analongosola msuzi wa matimati oocha pa makala, osakaniza ndi anyezi, tsabola, mcere ndi mafuta. Kuyambira pa kugwa kwa Tenochtitlan kufikira pa msuzi umenewu panapita zaka 171.

Amene anakonda matimati ang'ono kumeneko anali amphawi a m'malo ouma. M'mbali mwa phiri la moto la Vesuvius, pafupi ndi Naples, alimi anasunga mtundu wa khungu lolimba ndi kansonga kumapeto, umene athyola ndi tsango lomwe, naumanga ndi cingwe m'mitolo yochedwa piennolo, naupacika pa khonde monga ife tipacika cimanga ca mbeu pa tsindwi; ndipo zipatsozo zikhala miyezi yambiri osabvunda, kufikira nyengo yacisanu itatha. Pa cisumbu ca Santorini ku Greece, kumene mvula ndi yocepa, anasunga mtundu wina waung'ono wobala popanda kuthirira. Mitundu iwiriyi inapulumuka cifukwa inali kuthandiza eni ake pa umphawi wao, ndipo tidzakomana nayonso kutsogolo.

Tsono tibwere kuno kwathu. Munthu akaima pa munda wa ku Chipata nawerenga mbeu, adzadabwa kupeza kuti zambiri ndi alendo a ku America: cimanga, cinangwa, nsawa, mbatata, nyemba, maungu, fodya ndi tsabola. Eni mudzi enieni ndi mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Alendowa anaoloka nyanja m'zombo za Azungu. Vasco da Gama anafika pa cisumbu ca Mozambique mu 1498. M'zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete pa mtsinje wa Zambezi. Pambuyo pake anamanga msika ku Zumbo, pa mathiriro a Luangwa. Ndipo mu 1798 Francisco de Lacerda anayenda kucokera ku Tete kupyola dziko la Amaravi kufikira kwa Kazembe, kumene anafera. M'njira zomwezo, ndi m'zina zocokera ku gombe la kum'mawa, munali kuyenda amalonda a minyanga ndi nsalu, Abisa, Ayao ndi Acikunda, ndi amtengatenga ao. Matimati ndi a ulendo womwewo wa pa nyanja, ndipo dzina lao liwaulula. Pambuyo pake, boma litamangidwa ku Fort Jameson ndi mishoni itayamba ku Magwero mu 1899, Azungu anabwera ndi mbeu za m'mapepala za mitundu yaikulu, nazibzala m'madimba ao ochingidwa bwino.

Koma phwetekere sasowa mpanda kapena mwini. Njere zake ndi zolimba, kotero kuti zipyola m'mimba mwa munthu, mwa nkhuku ndi mwa mbalame osafa, ndipo zigwera pa malo a manyowa okhaokha. Ndico cifukwa cake timpeza pa dzala ndi kuseri kwa khola, ndipo ndico cifukwa cake m'maiko otentha ambiri a dziko lapansi amera yekha ngati udzu. Pa nkhani imeneyi pali cinthu coseketsa cimene anapeza Charles Rick, mphunzitsi wa ku University of California, amene anatha moyo wake alikusonkhanitsa matimati a m'chire. Mbeu zimene anatenga pa zisumbu za Galápagos zinali kukana kumera. Potsiriza zipatsozo zinadyetsedwa kwa afulu akuluakulu a pa zisumbuzo, ndipo njere zimene zinaturuka m'ndowe, patapita sabata imodzi kufikira zitatu, zinamera bwino. Nkhaniyi anaisindikiza mu 1961. Ngati fulu angathe kukhala mlimi, nanga gulu la amtengatenga logona pa citsime ndi kudya pamenepo? Pamene pali ponse anthu anamanga msasa, mbeu yotere inatha kutsala, ndipo mvula inacita zotsalazo.

Pamene phwetekere anali kuyendayenda motero wopanda womlembera, ku America ndi ku Ulaya anthu anali kukometsa adzukulu ake. Matimati akulu a kale anali a makwinya ndi mphako. Alexander Livingston, mlimi wa ku Ohio, atayesa zaka zambiri, anaturutsa mu 1870 mtundu wosalala ndi wobulungira wochedwa Paragon, ndipo nkhope ya thimati imene tiidziwa lero iyambira pamenepo. Mu 1949 kampani ya Burpee inayamba kugulitsa mtundu wa haibulidi wochedwa Big Boy. Pambuyo pake ku California anapanga makina othyola matimati. Ndipo popeza makina alibe zala, Jack Hanna anakonza mtundu wolimba, wakupsa nthawi imodzi, wosaphulika pogwera m'ngolo. Pofika 1970 pafupifupi matimati onse a m'zitini a ku California anali kuthyoledwa ndi makina. Anthu anapindula zambiri, koma panali cimene cinatayika m'njira. Matimati a kale anali ndi mapewa obiriwira pafupi ndi phesi, ocedwa kufiira. Amalonda sanakonde mapewawo, ndipo okonza mbeu anasankha mitundu yofiira ponseponse. Mu 2012 Ann Powell ndi anzake anaonetsa kuti cibadwa comwe cija cimene cicotsa mapewa obiriwira cicepetsanso shuga m'cipatso. Zaka zambiri anthu anali kusankha ndi maso, lilime osalifunsa.

Sindifuna kuweruza wamalonda. Thimati locokera ku minda ya ku Mkushi liyenera kugona m'bokosi la matabwa, pansi pa mabokosi ena, ndi kugwedezeka pa lole usiku wonse kufikira ku Soweto Market ku Lusaka. Kenaka liyenera kukhala pa thebulo la mai wogulitsa masiku angapo pa dzuwa. Phwetekere wa pa dzala sangathe ulendo wotere. Khungu lake ling'ambika msanga, ndipo kudzaza bokosi limodzi kufuna zala zambiri ndi tsiku lathunthu. Msika unamkana pa zifukwa zomveka. Codandaulitsa ndi cakuti ife a kumudzi, amene mtunda wathu ndi wocokera kuseri kwa nyumba kufika pa mafuwa, tinatengera ciweruzo ca msika ngati kuti nafenso tiri ndi lole yoti tikweze.

Pano ndiyenera kumasulira mau awiri, pakuti pa iwo pagona nkhani yonse. Mbeu ya haibulidi ibadwa pamene okonza mbeu akwatitsa mitundu iwiri yosiyana ndi manja. Ana oyamba akhala amphamvu ndi ofanana onse. Koma mukasunga mbeu ya anawo, adzukulu abalalika, wina atengera agogo akucimuna, wina akucikazi, monga Gregor Mendel anaonetsa ndi nsawawa zake mu 1866. Cifukwa cake mlimi wa haibulidi abwerera ku sitolo caka ndi caka. Mbeu ya makolo ndi ina. Duwa la thimati liri ndi cacimuna ndi cacikazi pamodzi, ndipo kawirikawiri lidzikwatira lokha. Motero mwana afanana ndi make, ndipo mbeu ingathe kuyenda kucokera kwa agogo kufika kwa mdzukulu wa mdzukulu osasintha nkhope. Phwetekere wathu ndi wa mtundu umenewu.

Azungu anazindikira mocedwa kuti mbeu zotere zirinkutha. Mu 1975 Kent Whealy ndi mkazi wake Diane anayambitsa bungwe lochedwa Seed Savers Exchange ku America. Ciyambi cake cinali caching'ono: agogo ake a Diane, asanamwalire, anawasiyira mbeu ziwiri zimene makolo ao anabwera nazo kucokera ku Bavaria, ina ya duwa, ina ya thimati lochedwa German Pink. Lero bungwe limeneli, ku Decorah m'dera la Iowa, lisunga mitundu ya mbeu yoposa 20,000. Okonza mbeu naonso anabwerera ku chire kukapempha thandizo. Mphamvu yokana nthenda yofotetsa ya fusarium, imene iri m'matimati ambiri a m'sitolo, inatengedwa kwa kholo lija la tizipatso tonga nzama, ndipo mtundu wochedwa Pan America unaturuka nayo mu 1941. Akuluakulu anati mau a akulu akoma akagonera. Zioneka kuti ndi mbeu zomwe.

Ndipo thimati laling'ono linabwereranso pa thebulo la olemera. Ku England mtundu wochedwa Gardener's Delight, wocokera ku Germany, unachuka m'madimba a pakhomo. Ku Israel, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, Nachum Kedar ndi Haim Rabinowitch anakonza mitundu yocedwa kubvunda, yokhoza kuyenda ulendo wautali. Ku Japan kampani ya Tokita inaturutsa Sungold, wacikasu ndi wotsekemera ngati cipatso ca m'mtengo. Matimati aja a amphawi a pa Vesuvius analandira citetezo ca lamulo la maiko a ku Ulaya mu 2009, ndi a ku Santorini mu 2013, kotero kuti munthu wa kwina sangagulitse zake ndi maina amenewo. Lero mukalowa m'masitolo akuluakulu a mu Lusaka mudzapeza timatimati m'timabokosi toonekera m'kati, pa mtengo woposa wa matimati akulu, ndipo ogula ake ndi anthu a magalimoto. Ambiri a timatimati ta m'sitolo ndi haibulidi, ndipo wobzala njere zao asayembekeze kukolola zofanana ndi zimene anadya.

Ziripo nkhokwe za mbeu m'dziko lathu lino. Ku Mount Makulu, pafupi ndi Chilanga, boma lisunga mbeu za makolo, ndipo ku Chalimbana kuli nkhokwe ya maiko onse a SADC. Nchito imeneyi ndi yotamandika. Koma mbeu ya m'cipinda cozizira iri m'tulo. Ikhala monga inalowera. Mbeu ya pa dimba ikumana ndi dzuwa la caka cino ndi tizirombo ta caka cino, ndipo imene yapirira ndiyo ibala mbeu ya caka camawa. Motero phwetekere wa ku cigwa ca Luangwa azolowera kutentha kwa kumeneko, ndi wa ku mapiri azolowera cisanu ca kwao. Cifukwa ca ici ndiyesa kuti kumcotsa pa dzala ndi kumpatsa mzere wake pa dimba la pakhomo ndi nchito yoyenera munthu wanzeru, ndipo kacitidwe kake si kobvuta.

Nyengo yabwino yofesa ndi pamene mvula irinkutha, m'mwezi wa Malici kapena Epulo, kapenanso mu Ogasiti cisanu citapita. A madimba a m'dambo akumbukire kuti cisanu ca Juni ndi Julayi ciocha mbande m'malo otsika. Konzani kabedi ka dothi lofewa losakaniza ndi manyowa oola bwino, fesani njere mosazamitsa, ngati sentimita imodzi, ndipo phimbani ndi udzu wouma. Patapita sabata imodzi zimera, ndipo udzuwo mucotse kuti mbande zisatalike ndi kuonda. Zikatha masabata 4 kapena 5, ndi kufika msinkhu wa cikhato, muziokere madzulo dzuwa litapendeka, kusiya masentimita 60 pakati pa mbande ndi 90 pakati pa mizere. Poyamba mtundawu uoneka ngati kutaya malo. Koma phwetekere sadziwa kuleka kukula. Ayanga, naphuka nthambi pa mfundo iri yonse, nacita maluwa kunsonga pamene kutsinde zipatso zirinkupsa. Mpatseni mtengo kapena nsungwi yaitali ndi kummangirira ndi luzi momasuka, kapena mumbzale m'mbali mwa mpanda kuti akwere yekha. Masamba okhudza dothi muwacotse. Ena adula mphukira zonse monga acita ndi matimati akulu; ine ndiona kuti pa mtundu uwu kusiya nthambi ziwiri kapena zitatu kupatsa zipatso zambiri, ndipo masamba ake achinga zipatso ku dzuwa la Okutobala.

Madzi athiridwe pa tsinde, osati pa masamba, ndipo athiridwe mosadumphitsa. Mukamsiya ndi ludzu masiku ambiri ndi kumkhutitsa tsiku limodzi, zipatso zimwa mofulumira ndi kung'ambika. Manyowa ocuruka kwambiri, makamaka zitosi za nkhuku zaziwisi, abala masamba okongola ndi zipatso zocepa. Patapita miyezi iwiri kucokera pa kuokera mudzayamba kuthyola, ndipo mudzathyola masabata ambiri, pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, monga mphika wa pa banja ufunira.

Adani ake alipo, ndipo ndinganame nditanena kuti sadwala. Musambzale pamene caka catha panali fodya, mbatata ya kacewere, impwa kapena tsabola, pakuti onsewa ndi abale ndipo agawana nthenda. Dikirani zaka zitatu. Mukazula comera cofota ndi kupeza mizu yotupa timfundo, dziwani kuti m'dothi muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, ndipo malowo apumule. Kwathu kuno kolima fodya tiyenera kusamala cinthu cinanso: nthenda ya mawanga a fodya iyenda pa zala, kotero wosuta kapena wocokera ku cigafa asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbande. M'miyezi yotentha kubwera tiakangaude tofiira tokhala kunsi kwa masamba, ndipo m'dzinja kubwera ciwau. Mdani watsopano ndi kambozi kochedwa Tuta absoluta, kamene kaboola njira m'kati mwa tsamba ndi m'cipatso. Kwao ndi ku South America komweko kumene matimati anacokera. Kanaoneka ku Spain mu 2006, nikafika mu Zambia mu 2016, ndipo caka cimeneco minda yambiri inaonongeka ndi mtengo wa matimati unakwera koopsa. Tingati mdaniyu anatsata mapazi a mnansi wake patapita zaka pafupifupi 500. Pa dimba laling'ono cida coyamba ndi maso: kuyendera mbeu m'mawa uli wonse, kuthyola masamba obooledwa ndi kuwaocha, ndi kuzula zomera zakale zikatha kubala.

Cotsala ndi kusunga mbeu, ndipo apa ndipo pafunika mtima wodekha. Musatenge mbeu pa comera cimodzi cokha, ndiponso musatengere kukula kwa cipatso. Yang'anani zomera 5 kapena 10 zimene zakhala zobiriwira pamene zinzake zafota, zobala masango odzaza, zokoma pakamwa, ndipo muzimangirire kansanza kuti ana asathyoleko. Popeza mitundu yaing'ono nthawi zina ilandira ufa wa maluwa ena wobwera ndi njuci, zomera za mbeu zikhale patali ndithu ndi matimati a m'sitolo. Zipatso zikapsa kwenikweni, zifinyireni m'kapu ndi madzi ake omwe. Njere iri yonse yakutidwa ndi kathumba koterera kamene kailetsa kumera. M'chire kathumbako kacoka pamene cipatso cibvunda kapena cipyola m'mimba mwa nyama. Siyani kapuyo pa mthunzi masiku awiri kapena atatu kufikira pamwamba pacita nkhungu yoyera. Pamenepo thirani madzi ndi kutakasa. Njere zabwino zimira, zopanda kanthu ziyandama pamodzi ndi zinyalala, ndipo izi muzitaye. Tsukani kawiri kapena katatu, yanikani pa kansalu kapena pa licero pa mthunzi wopita mphepo kwa sabata imodzi. Pa lata la pa dzuwa musayanikepo, pakuti kutentha kupha mbeu. Amai ena angofinyira zipatso pa kansanza nakapacika pa tsindwi la khichini, kumene utsi uingitsa tizirombo, ndipo nayonso ndi njira yoyesedwa. Zikauma, ikani m'botolo kapena m'nsupa pamodzi ndi phulusa louma, tsekani bwino, ndi kusunga pa malo ozizira. Zidzamera ngakhale patapita zaka 4.

Mitundu ya ku Ulaya iri ndi maina ndi makalata, ndico cifukwa cake mbiri yao tingathe kuilondola caka ndi caka, pamene wathuyu achedwa phwetekere cabe kuyambira ku Lundazi kufikira ku Nyimba, ngakhale wina ndi wobulungira, wina wotalikirapo, wina wowawasa, wina wotsekemera. Motero m'botolomo muikenso kapepala, ndipo mulembepo ndi pensulo, pakuti inki ifufutika ndi cinyezi: caka cimene mwakolola, mudzi umene mbeuyo inacokera, ndi dzina la munthu amene anakupatsani.